Hezron Luhanga, Wolawa Dzimbiri

Mlamu wanga Hezron Luhanga amalawa dzimbiri ndi lilime. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa mukatsika minibasi pa Njakwa n'kufunsa komwe kuli wowotcherera zitsulo, anthu adzakulozerani kumunsi kwa mlatho n'kuwonjezera kuti, "Uja wonyambita magalimoto uja." Sakunama ayi. Ndamuona ndi maso angawa kambirimbiri atagona chagada kunsi kwa galimoto, akupala chitsulo ndi chikhadabo n'kuika pa lilime ngati mayi wolawa ndiwo.

Ine ndine Limbikani, kwathu ndi ku Linthipe, ku Dedza. Ndinabwera kuno kudzagwira ntchito ya ulangizi wa fodya, ndinakwatira Temwa, mlongo wake wa Hezron, ndipo kwathu ndinangotsala kupitako pa maliro. Nditapuma pa ntchito, mkazi wanga anandipirira miyezi iwiri yokha, kenako anandiuza kuti mwamuna wokhala pakhomo tsiku lonse amatopetsa kuposa mbuzi yomangirira. Ndiye m'mawa uliwonse ndimapita kwa mlamu wangayo kukakhala pa mpando wa minibasi yakufa, kumugwirira chingwe choyezera ndi kumusokosa.

Hezron anabadwira ku Mwazisi, m'banja la alimi a fodya, koma manja ake anakana khasu. Sukulu anaisiyira Sitandade 7. Atakula anapita kukagwira ntchito ku mgodi wa malasha kumtunda kwa Chiweta, komwe ankanyamulira zida mmisiri wina wa ku Mbeya. Mkuluyo ndiye anamuphunzitsa kuti dzimbiri silimveka mofanana m'kamwa. La feteleza limaluma lilime n'kusiya kuzizira, la madzi a batire limawawasa mpaka m'mano, la matope a dzinja lili ngati kutafuna dothi basi. Hezron ankangoseka, mpaka tsiku lomwe anaphimba chigamba pa chitsulo chokokera ngolo osafunsa chomwe chinachidya. Dzimbirilo linapitiriza kudya kunsi kwa chigambacho, ndipo patatha miyezi isanu ngoloyo inadukira pa chitsetso n'kukhuthula malasha pamalo pomwe amayi anali atangodutsa kumene ndi nkhuni. Palibe anavulala. Safunsa anadya phula, amatero, ndipo iye phulalo analidya kamodzi n'kukhuta.

Kuchokera pamenepo ali ndi lamulo limodzi. Sawotcherera chitsulo chodyeka asanadziwe chomwe chachidya, ndipo akadziwa amamuuza mwini wake, afune asafune. Lamuloli lamuthawitsira anthu ambiri. Anauzapo dalaivala wina pamaso pa abwana ake kuti lole yadyeka ndi feteleza, pomwe abwanawo ankadziwa kuti lole yawo imanyamula matabwa okha. Ndipo chaka chatha, mwezi wa June, lamulo lomweli linatsala pang'ono kupasula banja la zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi.

Ndisanafike kumeneko ndikuonetseni kuseri kwa shedi yake, komwe kuli manda a magalimoto omwe amatolako zitsulo. Anawagawa pawiri ndi mzere wa khonje. Mbali ya kumsewu amaitcha kwa okalamba, ndiko kumagona magalimoto omwe anangotopa, injini n'kusiya kupuma. Mbali ya kumtsinje ndi kwa angozi, omwe anagubuduzika pa Chiweta kapena kuwombana pa makona a m'chigwa muno. Anthu ambiri kuno safuna kuikiridwa chitsulo cha galimoto yomwe inafera anthu, ngakhale bawuti imodzi. Ndinamufunsapo ngati nayenso amakhulupirira kuti chitsulo chimasunga tsoka.

"Alamu, chitsulo chilibe mutu," anatero. "Koma okwerapo mitu ali nayo."

Tsiku lomwe ndikunenali kunali mphepo ija ya pa Njakwa yolowa mpaka m'mafupa. Tinamva galimoto ikubwera pang'onopang'ono, ikulira kwichi kwichi, ndipo itakhotera pa shedi tinaona kuti ndi pikapu yoyera yakalekale, yopendekera kumanzere chakumbuyo ngati galu wothyoka chiuno. Onse a m'derali amaidziwa. Ndi ya a Stanley Harawa a kufupi ndi Phwezi, omwe anali mphunzitsi wamkulu wa pulayimale zaka zambiri, ndipo mpaka pano aliyense amawaitana kuti asambizgi, ndiko kunena kuti aphunzitsi. Ndi mkulu wa mpingo, munthu wa tayi ngakhale popita ku chigayo, zolembera zitatu m'thumba la pamtima.

A Harawa amadziwika ndi kudana ndi zithumwa. Akadali pa ntchito anakumbapo kanyanga komwe anyamata anakwirira pa golo, n'kukatentha sukulu yonse ikuona. Ku bwalo la akulu a mpingo, mayi akapezeka kuti wamangira mwana mkuzi wa mankhwala m'chiuno, a Harawa ndiwo ankayamba kunena kuti ayambe waima kudya mgonero. Sankasankha nkhope. Mlongo wawo weniweni anaimitsidwapo chaka chathunthu, dzanja loyamba kukwera lili lawo.

Anatsika, ndipo kumbali inayo kunatsika akazi awo, mayi Isabella NyaChavula, wamfupi, wosalankhulalankhula, amene wakhala akutsogolera gulu la amayi a mpingo la Umanyano kuyambira ine ndili ndi tsitsi lakuda. Asanapereke n'komwe moni, mayiwo anatola mwala n'kukauika kuseri kwa tayala la kumbuyo kumanzere. Buleki ya pamanja ya galimotoyo inafa kalekale, ndipo kuika ndi kuchotsa mwala inali ntchito yawo.

"Monire, a Luhanga," anatero a Harawa. "Galimoto yanga yathyoka msana. Ku Mzuzu akuti ndiigulitse kwa osula ziwaya. Ine ndati ndimve kaye kwa inu."

"Yewo, asambizgi. Tiione."

Msana womwe ankanenawo ndi chasisi, zitsulo ziwiri zazitali zobowoka mkati zomwe zimayenda kunsi kwa galimoto kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, n'kusenza zonse. Hezron analowa pansi ndi kahamala kake. Anagogoda cha kumanja, chinalira ngwee ngati belu la sukulu. Anagogoda cha kumanzere kutsogolo, chimodzimodzi. Atafika pamwamba pa tayala la kumbuyo, hamala inangolowa fwaa, zipalapala za dzimbiri n'kumugwera kumaso. Anatuluka, n'kunena kuti chitheka, koma afunika kudula kutalika kwa mkono ndi theka n'kulumikiza chitsulo cha galimoto ina ya mtundu womwewo. Zinalipo ziwiri kuseri. Ina inali kwa angozi, yatsopanoko ndi yolimba. Ina inali kwa okalamba, ya mwini chigayo wina wa ku Bolero, yofunika kupala kwambiri.

"Tengani yolimbayo," anatero a Harawa. "Chitsulo n'chitsulo. Zinazo n'zachikunja."

Ndinaona NyaChavula akuyang'ana kumtsinje kuja, n'kukoka nsalu yawo paphewa. Anakwera minibasi onse awiri kubwerera ku Phwezi.

Atangochoka, mlamu wanga anaika chala m'kamwa. Anapalanso, n'kulawanso, n'kulavula.

"Mchere," anatero.

"Feteleza?"

"Yayi. Mchere weniweni, wa m'ndiwo."

Apa ndiye panayambira kudabwa. Anaimbira foni a Harawa kuwafunsa ngati ananyamulapo matumba a mchere wogulitsa. Ayi. Nsomba zothira mchere? Ayi. Kodi galimotoyo inapitako ku Dar es Salaam, kunyanja ya mchere? Chiigulireni, kutali komwe inafika ndi ku Lilongwe. Nanga ngakhale ikananyamula mchere, ungasankhe bwanji chitsulo chimodzi, malo amodzi, n'kusiya chinzake chili gwa? Komanso Hezron anandionetsa kuti dzimbirilo silinayambire kunja. Utoto wakunja unali utangotukumuka, chitsulo chinadyeka kuchokera mkati.

Masiku awiri sanagwire makina. Ankangozungulira galimotoyo manja ali kumbuyo, ngati munthu wofuna kugula ng'ombe. Ine ndinayesetsa kuthandiza. Ndinati mwina kunyumba kwa a Harawa kuli galu amene amakonda tayala limenelo. Anandiyang'ana n'kunena kuti galu wokodza mkati mwa chitsulo akufuna amuone, amugule. Ndinati nanga bwanji osangodula n'kuona? Anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo akadula asanaganize, gulayinda yodulirayo idzafafaniza zomwe chitsulo chikufuna kunena. Ine kudekha kunandithera tsiku loyamba lomwelo. Ndinafika pomafunsa mkazi wanga pa chakudya kuti mchere ungakwere bwanji m'galimoto wokha, iye n'kundiuza kuti ndidye, ndiwo zikuzizira.

Tsiku lachitatu tinachotsa bodi ya kumbuyo ndi thanki ya mafuta, galimoto tinaikhazika pa zitsa zinayi za malaina. Hezron sanadule chopingasa. Anang'amba chitsulocho m'litali pang'onopang'ono, n'kuchitsegula ngati akutumbula nsomba.

Mkatimo munali modzaza timapukusi ta nsalu, chilichonse kukula kwake ngati chala chachikulu. Tina tinali titasungunuka n'kusanduka phala lofiira. Tina tinali tatsopano, mfundo zake zili bwinobwino. Hezron anamasula kamodzi, ndipo m'dzanja mwake munagwera mchere wa miyala. Tinatitulutsa ndi waya n'kudzaza beseni losambira m'manja, tina n'kutsala. Tonse tinalowera pa kabowo kamodzi ka m'mbali mwa chasisi, kongokwana zala ziwiri, kamene kali pamwamba penipeni pa tayala.

Ine tsitsi lomwe ndilibelo linaima. Ndinati asambizgi ali ndi adani, ndipo n'zosadabwitsa. Koma Hezron ankatembenuza timapukusito ndi chala.

"Mdani saika mchere, alamu. Mchere ndi wotchingira. Komanso taonani, nsaluzi n'zodula ndi sizasi, mfundo zake n'zofanana zonse. Dzanja ndi limodzi, ndipo ndi la munthu wosoka." Anayang'ana mwala uja womwe unali ukadali pambali pa tayala. "Ndani amagwada apa tsiku lililonse popanda womufunsa chomwe akuchita?"

Sitinafunike kudikira nthawi yaitali. M'mawa mwake NyaChavula anatsika minibasi okha, atanyamula kathumba ka mbatata, akuti anaiwala ambulera m'galimoto. Ambulera mu June! Maso awo anagwera pa beseni lija, ndipo anakhala pansi pa tayala lakale osapatsidwa mpando.

"Mwaziona," anatero.

"Enya, amama, taziona," anavomera Hezron.

Anatiuza nkhani yonse akuyang'ana m'manja mwawo. Anali ndi mwana wamwamuna mmodzi, Yona. Mu 1998, akubwerera ku sekondale kuchokera ku tchuthi, matola yomwe anakwera inagubuduzika pa Chiweta, ndipo Yona sanafike n'kuchipatala komwe. Patatha sabata zitatu a Harawa anayenera kupita ku msonkhano ku Karonga, kudutsa msewu womwewo. Mayiwo anawapempha kuti asapite, koma iwo anayankha kuti moyo uli m'manja mwa Chiuta. Ndiye mayiwo anakumbukira zomwe amayi awo ankachita munthu akamapita ulendo wautali. Anamanga mchere pa kansalu, ndipo pochotsa mwala anakakankhira pa kabowo kaja. A Harawa anapita n'kubwerako bwino. Kuyambira pamenepo, ulendo uliwonse wopitirira pa Bwengu kapena wotsika Chiweta, kapukusi kamodzi.

"Ndimapemphera, a Luhanga, musaganize kuti sindipemphera. Koma pemphero silikhala m'manja. Ndinkafuna kanthu koti manja anga achite." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya nsalu. "Awiske Yona, bambo ake a mwana uja, akadziwa, sandimenya, sandithamangitsa. Adzapita okha kwa akulu a mpingo kukandinenera, ngati momwe anachitira ndi mlongo wawo. Ndidzavula yunifomu ya Umanyano pa ukalamba uno. Zimenezo ndingapirire. Koma munthu uja sadzandiyang'ananso kumaso. Chimwalirire mwana, dzina lake sanalitchulepo. Ngakhale ine anasiya kundiitana kuti anyina Yona, mayi a Yona, ndinangokhala NyaChavula. Chatsala pakati pathu ndi ulemu basi, ndiye muwauze kuti ndi feteleza. Ndakupemphani chomene."

Ine chifundo chinandigwira. Koma mlamu wanga, m'malo motonthoza munthu, anatola chidutswa cha chasisi chija n'kuchifinya ndi dzanja limodzi, chinangofumbutuka ngati chigumu chouma.

"Amama, apa ndi pomwe pamagwira sipuling'i. Ichi chikanadukira pa Chiweta, galimoto ikanapita kuphompho. Mchere wanuwu ndi womwe ukanawapha. Ndikanena kuti ndi feteleza, inu mupitiriza, chitsulo changa chidyekanso, ndipo tsiku lina ndidzaikoka galimotoyi kupita nayo mbali ya kumtsinje iyo."

Mayiwo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye ndisiye? Azipita opanda kanthu?"

Hezron anabwerera ku chitsulo chake. Mayiwo anasiya mbatata zija n'kukakwera minibasi, ambulera osaitchulanso.

Tsiku limenelo ine ndi mlamu wanga tinakangana kwambiri, ndipo ndikuvomera kuti ndinamutukwanako pang'ono. Ndinamuuza kuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka, kuti akafuna kuphwanya dzimbiri aphwanya ndi banja lomwe. Ndinati bodza limodzi laling'ono silinaphepo munthu. Iye anati lake lija la ku mgodi linali laling'ononso, chigamba chokwana chikhatho. Ndinati ndiye amuuze mayiyo asiye, bamboyo asadziwe. Anati munthu amene wachita chinthu zaka makumi awiri ndi zisanu chifukwa cha mantha sangasiye poti wowotcherera wanena. Ndinapita kunyumba nditakwiya, ndipo m'mawa mwake ndinabweranso, chifukwa ndinkafuna kuona mathero ake.

Ntchito anaigwira bwino kuposa ina iliyonse yomwe ndinamuonapo. Ndinamupeza ali kuseri, akudula chitsulo cha pikapu ya mwini chigayo uja, kwa okalamba, osati komwe a Harawa analamula. Anachipala tsiku lonse mpaka chinayera. Asanachotse chodyekacho anawotcherera kachitsulo kopingasa pakati pa zitsulo ziwiri za chasisi kuti zisatayane. Podula sanadule molunjika, anadula mopendekera, akuti cholumikiza molunjika chimathyokera pomwepo ngati nzimbe pa mfundo. Tinayeza ndi chingwe kuchokera pa ngodya iyi kupita pa ngodya iyo, mbali zonse ziwiri, kanayi konse, ine nditagwira nsonga, iye akundikalipira kuti dzanja langa likunjenjemera. Kenako anayamba kugwiriza timadontho, kamodzi uku, kamodzi uko, n'kumadikira kuti pazizire, kuopa kuti moto ungakoke chitsulo n'kupotoza galimoto. Magetsi anazima kawiri, iye osadandaula, akuti akuthandiza kuziziritsa. Pamwamba pa molumikizamo anakonza chigamba chosongoka mbali zonse ziwiri, koma anangochigwiriza, osamaliza. Chigamba chomaliza samawotcherera mwini galimoto asanamve chomwe chinadya chitsulo chake.

Loweruka m'mawa a Harawa anafika, akazi awo ali pambuyo. Anazungulira galimoto, anagwada n'kuona molumikizamo, anagwedeza mutu mokhutira.

"Yaima mowongoka. Nanga mwapeza chomwe chinaidya?"

Ine ndinayang'ana pansi. NyaChavula anali ataima pafupi ndi mzere wa khonje, manja atawapinda pamimba.

"Mchere, asambizgi," anatero Hezron. Analowa mu shedi n'kutulutsa beseni lija, n'kuliika pa bonati. "Unali mkati mwa chasisi."

Nkhope ya a Harawa inauma. "Ndani wachita zimenezi?"

"Ntchito yanga ndi chitsulo. Chomwe chachidya ndakuuzani. Dzanja sindinalione likuika."

A Harawa anasolola cholembera chimodzi m'thumba, poti sakanagwira zoterozo ndi manja, n'kuyamba kutembenuza timapukusito. Ndinaona akukonzekera ulaliki, milomo itayamba kale kugwedera. Kenako cholembera chinaima. Kansalu kena kanali ka mizere yobiriwira, ndipo ngakhale ine ndinakazindikira, chifukwa malaya amenewo a Harawa anawavala zaka zambiri pa misonkhano ya makolo. Kena kanali ka katani wa maluwa. Kena ka nsalu ya chikondwerero cha mpingo. Anapitiriza kufukula mpaka pansi pa beseni, pomwe panali takale kwambiri, tomwe tinatuluka kumapeto kwenikweni kwa chitsulo. Tambiri mwa timeneto tinali phala, koma kamodzi kanali ka nsalu ya tetroni, ndipo tetroni saola. Kanali koyera kale, tsopano kofiira ndi dzimbiri, ka pakhosi pa malaya a sukulu. Panali zilembo ziwiri zosokedwa ndi ulusi, Y ndi H, monga amachitira amayi mwana akamapita ku sukulu yogonera konko.

A Harawa anaika cholembera pansi n'kukatola ndi zala.

Tinkangomva Rukuru akuwomba miyala kumunsi, ndi lole ina ikusintha magiya pa mlatho. Mkuluyo anatembenuka, osayang'ana aliyense, n'kuyenda kudutsa kwa okalamba, kudutsa khonje, kudutsa pakati pa magalimoto ophwanyika aja mpaka m'mphepete mwa mtsinje. Anaima kumeneko atatifulatira. Ine ndinkaona ngati ndine ndalakwa, ndipo mlamu wanga ndinamuda kwambiri nthawi imeneyo. NyaChavula sanasunthe pomwe anaima.

Atabwerako maso anali ofiira, koma tayi ili m'malo mwake. Kansalu kaja sikanalinso m'manja. Ndinaona kansonga kake kakusuzumira m'thumba la pamtima, kuseri kwa zolembera.

"A Luhanga, chitsulo mwaikachi mwatenga mbali iti?"

"Kwa okalamba."

"Ndinati mutenge cholimba chija."

"Munatero nadi, asambizgi. Koma mumakwera awiri."

A Harawa anakhosomola monga ankachitira asanalengeze zinthu pa mzere wa m'mawa kusukulu.

"Ndikufunseni ngati mmisiri. Chilipo chinthu chomwe mchere sudya?"

Hezron anawayang'ana, ndipo ndinaona kuti funsolo lamukondweretsa kuposa malipiro alionse. Anapita kuseri n'kubwera ndi kachidutswa ka paipi ya pulasitiki ya madzi, kutalika ngati chikhatho. Mbali imodzi anaitseka ndi moto, inayo anaipezera chotsekera chopotokola. Anakamangirira ndi zingwe za labala kunsi kwa bodi yomwe inali ikadali pambali, pamalo podzakhala pamwamba pa tayala lomwelo, kutali ndi chasisi koma pofika dzanja la munthu wogwada. Kabowo konga kakale kaja pa chitsulo chatsopanocho anakatseka ndi labala atathira oilo wakuda mkati. Atatero anatsitsa chigoba chake kumaso n'kumaliza chigamba chija, ife tonse titatembenuka kuopa kuwala.

Pomwe tinkabwezera bodi, a Harawa analankhula akuyang'ana paipiyo, osati akazi awo.

"Ine zimenezi sindizikhulupirira, ndipo sindidzazikhulupirira."

"Ndikudziwa, awiske Yona," anayankha mayiwo.

Nkhaniyi ku bwalo la akulu a mpingo sinafikeko, ndipo NyaChavula yunifomu yawo akuvalabe Lachisanu lililonse. Ineyo ndaipempha kaye kwa eni ake ndisanailembe, ndipo a Harawa anangoti ndisalakwitse kalembedwe ka dzina lawo. Mlamu wanga ndinamupepesa, iye n'kundiuza kuti kupepesa kwabwino ndi kugwira chingwe osanjenjemera.

Koma chomwe sindidzaiwala ndi momwe ananyamukira tsiku lija. Anati apitirira mpaka ku Mzuzu kuti akaione galimoto ngati ikuyenda mowongoka, ndipo Mzuzu ndi kupitirira pa Bwengu. A Harawa analowa, analiza injini, ndipo NyaChavula anaima pambali pa tayala la kumbuyo, osadziwa ngati agwade kapena ayi, dzanja limodzi litagwira mfundo ya pa nsonga ya nsalu yawo. Mkuluyo anatambasula mkono kudutsa mpando wa akazi awo, n'kupinda galasi la kumanzere kuti liyang'ane kumwamba. Kenako anagwira chiwongolero ndi manja awiri, maso ali kuphiri.

"Anyina Yona," anaitana, "chotsani mwala tizipita."

Mayiwo anagwada. Anatenga nthawi yaitali kuposa yochotsera mwala, ndipo a Harawa anadikira.